ZA ODWALA A KU GAUTENG, NDI UMBONI WA OFUFUZA M'MANJA MWA OLAMULIRA

Mphunzitsi ali yense amene waima zaka zambiri pamaso pa ana adziwa mtundu wina wa mwana wa sukulu: ndiye uja amene pa nthawi ya masamu alemba yankho lokha, ataliona pa sileti la mnzace, osadziwa njira imene inabala yankholo. Tsiku limene funso likhala lomwelo mwanayo akhoza. Koma mphunzitsi akangosintha nambala imodzi, yankho lokopera lija lisanduka bodza. Pa sileti colakwa cotere cifafanizika ndi kansaru konyowa. Mwezi uno tifuna kunena za colakwa ca mtundu womwewo cimene cinacitika m'maofesi a boma, ndipo sicinatheka kucifafaniza, pakuti cinatha ndi maliro 144.

Nkhaniyi inacitika m'cigawo ca Gauteng ku South Africa, kumene kuli Johannesburg ndi Pretoria, malo amene owerenga athu ambiri awadziwa cifukwa ca abale ao opita kukagwira nchito kumeneko. Akufawo anali odwala nthenda za maganizo: ena a misala yokhalitsa, ena obadwa ndi nzeru zoperewera, ena okalamba osokonezeka mutu. Anafa atacotsedwa m'nyumba zimene anasungidwamo zaka zambiri, ndipo amene anawacotsa ananena kuti alikutsata ndondomeko ya boma lao, imene inamangidwa pa umboni wa anthu ofufuza. Za mlandu wa amene anacita izi oweruza ananena kale, ndipo tidzachula ciweruzo cao m'munsimu. Funso lathu ndi lina: zitheka bwanji kuti ciphunzitso coona, coyesedwa zaka makumi ambiri m'maiko osiyana, ciphe anthu omwewo amene cinayenera kuwathandiza?

Cimene ofufuza anapeza

Tiyambe ndi ciphunzitso ceni ceni, pakuti sitingathe kuweruza wokopera tisanaone cimene cinalembedwa pa sileti loyamba. Kuyambira m'caka ca 1960 anthu awiri ophunzira a ku England, John Wing ndi George Brown, anayerekeza zipatala zitatu za misala, nayang'ana makhalidwe a akazi odwala amene anakhalamo zaka zambiri. Anawerenga tinthu tating'ono timene ena sakadatiwerenga: ngati wodwala ali ndi cipeso cace cace, ngati ali ndi zobvala zace, ndi maora angati pa tsiku amene angokhala osacita kanthu. Anapeza kuti kumene odwala anakhala maora ambiri manja ali lende, kumeneko ndiko kumene anali osalankhula ndi odzipatula koposa. Ndipo pamene cipatala cinawapatsa cocita, ena anatsitsimuka. Buku lao linaturuka m'caka ca 1970. Tanthauzo lace linali lakuti zina zimene anthu anaziyesa zizindikiro za nthenda zinali zipatso za nyumba yotsekeramo.

Tsono panauka funso laciwiri: ngati cipatala cotere ciononga munthu, kodi angathe kusamalidwa kunja? Ku Madison, m'cigawo ca Wisconsin ku America, Leonard Stein ndi Mary Ann Test anayesa cinthuci, nafalitsa zotsatira zace m'caka ca 1980. Anagawa odwala 130 m'magulu awiri: ena analowa m'cipatala monga mwa nthawi zonse, ena anatsala m'mudzi, koma gulu la anchito linawatsata komweko masiku onse a sabata, kuwapatsa mankhwala, kuwaphunzitsa kugula cakudya, kuphika, ndi kufuna nchito. A m'mudziwo anakhala bwino koposa anzao, ndipo ocepa okha ndiwo anagonekedwa m'cipatala. Koma ofufuzawo analembanso mau ena amene olamulira sakonda kuwakumbukira: pamene gulu la anchito lija linaleka nchito yace, phindu lambiri linasungunuka, ndipo odwala anayamba kubwerera m'cipatala.

Umboni wolemera koposa unacokera ku London. M'caka ca 1983 akuru a zaumoyo anapangana kutseka zipatala ziwiri zazikuru, Friern ndi Claybury; ndipo m'caka ca 1985 anakhazika gulu la ofufuza, lotsogozedwa ndi Julian Leff, kuti litsate odwala oturukawo mmodzi mmodzi. Anatsata anthu oposa 600 kwa zaka 5. Ambiri anakondwera ndi nyumba zao zatsopano, nakana kubwerera, anapeza mabwenzi, imfa sizinacuruka, osowa pokhala anali owerengeka ndi zala. Koma taonani m'mene nchitoyo inayendera. Friern inatsekedwa m'caka ca 1993, zitapita zaka 10 cipanganire. Odwala ambiri anapita m'nyumba zokhala ndi anchito owasamalira. Ndalama zimene zinasunga munthu m'cipatala zinamtsata kumene anapita, ndipo pakuwerengera kunapezeka kuti mtengo wa cisamaliro catsopano sunasiyana kwambiri ndi wakale. Ndiponso panatsala kagulu ka odwala obvuta amene anafunikabe malo ao apadera.

Panalinso umboni wa cimene cicitika pamene zinthu izi zisowa. Ku America odwala m'zipatala za misala za boma anali ngati 559,000 m'caka ca 1955, ndipo pambuyo pace anaturutsidwa mwaunyinji. Lamulo la 1963, losainidwa ndi John F. Kennedy, linalonjeza nyumba za cithandizo m'midzi. Koma zimene zinamangidwa zinali ngati theka lokha la zolingaliridwazo, ndipo odwala ambiri anatsirizira m'miseu ndi m'ndende.

Potero umboni wonse pamodzi unena mau awa: wodwala akhala bwino kunja kwa cipatala cotsekera, ngati nyumba yomlandira yakonzeka iye asanafike, ngati muli anchito odziwa mankhwala ace, ngati ndalama zimtsata, ngati kusamukako kucitika pang'ono pang'ono, ndiponso ngati pali wina wowerenga cimene cimgwera pambuyo pace. Theka loyamba la mauwa ndilo yankho. Ma "ngati" asanuwo ndiwo njira yace.

M'mene umboni unalowera m'malamulo

Tiyenera kunena mwacilungamo kuti olemba malamulo a South Africa sanali ana okopera. Lamulo la 2002 la cisamaliro ca odwala maganizo linati munthu asamalidwe m'njira yosamcotsera ufulu koposa m'mene pafunikira, ndiponso pafupi ndi kwao; linakhazikanso mabungwe oyang'anira kuti ateteze odwala. Pakati pa 2002 ndi 2004 ofufuza anafunsa anthu akuru 4,351 m'dziko lonse, napeza kuti oposa 16 mwa 100 ali onse anabvutika ndi nthenda ina ya maganizo m'caka capitaco, ndi kuti atatu mwa anai a iwo sanalandira cithandizo ciri conse. M'mwezi wa April 2012 kunali msonkhano waukuru wa dziko lonse, wa madotolo, ofufuza, akuru a boma ndi odwala eni ace. Ndipo m'caka ca 2013 kunaturuka ndondomeko ya zaka za 2013 kufikira 2020.

Ndondomekoyo, monga inalembedwa, iyenera kutamandidwa. Inabvomereza kuti dzikolo linali litayamba kale kucepetsa mabedi m'zipatala lisanamange cithandizo cokwanira m'midzi, ndi kuti cifukwa ca ici odwala anangozungulira, kuturuka lero ndi kulowanso mawa. Inanena poyera kuti cithandizo ca m'midzi cimangidwe poyamba, ndipo pokhapo zipatala zicepetsedwe. "Ngati" wamkuru uja analembedwamo, ndipo ali yense wodziwa kuwerenga akadamuona.

Koma panali mng'alu umene sunaoneka pa pepala. Ku South Africa boma lalikuru lilemba ndondomeko, koma maboma a zigawo 9 ndiwo agwira ndalama za zipatala nalamulira anchito. Ndondomekoyo inapita ku zigawo yopanda thumba lace la ndalama, ndiponso yopanda munthu wa mphamvu yoimitsa cigawo cimene cikadaitsata cammbuyo. Ife a m'sukulu tidziwa cinthuci bwino: dongosolo la maphunziro lingakhale lokoma motani, ngati palibe mabuku, ndipo woyendera sukulu safika, cimene ana aphunzira ndico cimene mphunzitsi afuna yekha.

Cimene cinacitika

Boma la Gauteng linali ndi pangano lakale ndi kampani ya Life Esidimeni, imene inasunga odwala okhalitsa pafupi zikwi ziwiri m'nyumba zace, boma nililipira ngati marandi 320 pa munthu pa tsiku. Cigawoco cinali ndi maganizo ace olembedwa akucepetsa mabediwo pang'ono pang'ono caka ndi caka. Koma m'mwezi wa October 2015 nduna ya zaumoyo ya cigawoco, Qedani Mahlangu, inalengeza kuti pangano lonse litha. Zifukwa zazikuru zimene zinachulidwa zinali ziwiri: kupulumutsa ndalama, ndi kutsata ndondomeko yobwezera odwala pakati pa anthu.

Macenjezo sanasowa. Bungwe la madotolo a nthenda za maganizo a m'dzikolo linalemba kalata m'mwezi wa June 2015, cilengezo cisanaturuke, kunena kuti malo olandira odwala otere kulibe. Abale a odwala anaguba m'miseu. Mabungwe oimira odwala anapita ku bwalo la mirandu m'mwezi wa December 2015, ndipo boma linalonjeza kukambirana nao. Anapitanso m'mwezi wa March 2016, koma bwalo linakana pempho lao. Akuru a kale anati, "Safunsa anadya phula". Koma awa sanasowa owauza, anangotseka makutu.

Pofika kumapeto a June 2016 odwala 1,711 anali atacotsedwa, unyinji wao m'miyezi itatu yokha. Ena anapita ku zipatala za boma, kumene mtengo wa tsiku unaposa wakale kutali. Ambiri anagawidwa ku nyumba za timabungwe tosakhala ta boma, timene tinalonjezedwa ngati marandi 112 pa munthu pa tsiku, ndipo kwina ndalamazo zinacedwa miyezi. Ena ananyamulidwa pa magalimoto a katundu, ena omangidwa ndi nsaru za pabedi. Ambiri anafika opanda makalata onena za nthenda yao, opanda mankhwala, ena opanda ngakhale pepala la dzina lao. Nyumba zina zinali zogonamo banja wamba, ndipo eni ace anali asanasamalepo wodwala wotere. Inali nyengo ya cisanu. Anthu anafa ndi njala, ludzu, cibayo, khunyu losapatsidwa mankhwala, ndi zironda za pogona. Abale ambiri sanauzidwa kumene munthu wao anapita, ndipo ena anamfunafuna miyezi, nakampeza ku nyumba ya cisoni.

M'mwezi wa September 2016 ndunayo inauza nyumba ya malamulo ya cigawo kuti akufa ndi 36. Nduna ya zaumoyo ya dziko lonse, Aaron Motsoaledi, inapempha mkuru womva madandaulo a zaumoyo, Malegapuru Makgoba, kuti afufuze. Lipoti lace linaturuka pa 1 February 2017: linawerenga akufa osacepera 94, linapeza kuti pa tsiku limene kunanenedwa 36 akufa anali atafika kale 77, ndi kuti timabungwe tonse 27 tinagwira nchito ndi zilolezo zosayenera. Ndunayo inatula pansi udindo. Pambuyo pace ciwerengero cinafika 144.

Pamene pali colakwa

Colakwa coyamba ndi cacikuru ciri pa olamulira a cigawo, amene anatenga yankho nataya njira yace. Tikaika nchito yao pambali pa ya ku London, kusiyana kuoneka pa mfundo iri yonse. Uko zaka 10, kuno miyezi yowerengeka. Uko ndalama zinatsata wodwala, kuno anamtsata ndi gawo limodzi mwa atatu. Uko wodwala ali yense anayesedwa asanaturuke natsatidwa ataturuka. Kuno boma lomwe linalephera kunena kumene anthu ena ali, kotero kuti m'caka ca 2018 anali asanapezeke anthu 44. Palibe wofufuza ndi mmodzi yemwe amene anayesapo njira yotere naipeza yabwino. Cifukwa cace kunena kuti cocitikaco cinali kutsata umboni ndiko kunamizira umboni. Mau akuti "kubwezera odwala pakati pa anthu" anagwira nchito ya cobvala cokongola cophimba cinthu cina. Pakuti kanyumba kodzala ndi alendo osadziwana, kotsekedwa, kopanda namwino, sikali mudzi wa munthu ai, koma cipatala cotsekera comweco, cocepa ndi cosauka.

Ngakhale cifukwa ca ndalama sicinaima pamene cinayesedwa. Pa bwalo la Dikgang Moseneke, amene kale anali waciwiri kwa mkuru wa oweruza onse, nduna ya zacuma ya cigawoco, Barbara Creecy, inacitira umboni kuti panalibe lamulo lodula ndalama za odwala maganizo. Apa pali phunziro limene ofufuza anaphunzitsa kale, ndipo olamulira a maiko ambiri akana kulimva: cisamaliro cabwino ca m'mudzi siciri cocipa. Amene afika ndi mau akuti adzaturutsa odwala napulumutsanso ndalama zambiri pa nthawi yomweyo, ameneyo sanawerenge umboniwo kufikira kumapeto.

Colakwa caciwiri ciri pa olemba ndondomeko, ndipo ticinena ndi ulemu, pakuti colinga cao cinali cabwino. Iwo anayesa kuti mau oona akalembedwa adzadzisunga okha. Analemba kuti cithandizo ca m'midzi ciyambe, koma sanaika muyeso umene cigawo ciyenera kufikapo cisanatseke bedi limodzi: anamwino angati, nyumba zoyesedwa zingati, marandi angati pa munthu. Sananena amene adzaona ngati muyesowo wakwanira, kapena amene adzaletsa ngati sunakwanira. Bungwe loyang'anira limene lamulo la 2002 linakhazika linalipo ku Gauteng, koma silinaimitsa galimoto ndi imodzi yomwe. Cenjezo lopanda mlonda liri ngati mpanda wopanda citseko: lionetsa pamene pali malire, koma mbuzi zilowabe.

Colakwa cacitatu, cocepa koma ceni ceni, ciri pa nchito ya kufufuza yomwe. Sitinena za madotolo amene anacenjeza. Iwo anacita mbali yao. Tinena za mipata imene inasiyidwa. Umboni wamphamvu unacokera ku London ndi ku Madison, kumene kunali nyumba za boma, malipiro a olumala okwanira, ndi anamwino ambiri. Funso limene Gauteng inafunika kuyankhidwa linali lina: kanyumba ka bungwe laling'ono ku Soweto kapena ku Atteridgeville kangathe kusunga odwala otani, angati, ndi pa mtengo wanji? Kuwerengera kwa dziko lonse kwa ndalama za odwala maganizo kunafalitsidwa ndi Sumaiyah Docrat, Crick Lund ndi anzao m'caka ca 2019, zitapita zaka 6 ndondomeko italembedwa. Anapeza kuti m'caka ca ndalama ca 2016/17 nthenda za maganizo zinalandira ngati 5 mwa 100 ya ndalama za zaumoyo za boma. Kuti 86 mwa 100 ya gawolo inathera pa odwala ogonekedwa. Ndi kuti pafupi mmodzi mwa anai oturuka anagonekedwanso isanathe miyezi itatu. Nambala izi zionetsa poyera kuti cithandizo ca m'midzi cinali cisanamangidwe. Zikadakhala pa tebulo m'caka ca 2015, sitinena kuti zikadatembenuza mtima wa wosafuna kumva. Koma zikadapatsa woweruza wa March 2016 muyeso woyesera malonjezo a boma. Nzeru ya ofufuza ikonda kuyankha funso lakuti, "Kodi njira iyi ithandiza?" ndipo icedwa kuyankha lakuti, "Kodi ife tiri nazo zoyenera kuti ithandize kuno?"

Pali colakwa cacinai cimene cigwera onse pamodzi, ndico kuyesa kuti umboni ndi wokhawo wolembedwa m'mabuku a ophunzira. Mai amene wayendera mwana wace zaka 20 adziwa kuti mwanayo sadya ngati wina samdyetsa, ndi kuti akaphonya mankhwala masiku awiri agwa khunyu. Namwino amene wamsambitsa adziwa comweco. Cidziwitso cimeneci ndico cikadalekanitsa amene angathe kusamuka ndi amene sangathe, ndipo ofufuza a ku London anacisonkhanitsa ndi khama, kufunsa odwala eni ace ndi anchito ao. Ku Gauteng abale anayesedwa anthu osokoneza. Pamene anaitanidwa kudzanena zimene adziwa, pa bwalo la Moseneke limene linayamba m'mwezi wa October 2017, anali kunena za akufa.

Kodi tibwerere ku zipatala zotsekera?

Wina adzati, Ngati ziri tero, ciphunzitso comwe ndico coipa. Odwala akadasiyidwa kumene anali, ndipo maiko amange zipatala zazikuru monga kale. Mau awa ali ndi mbali yoona: anthu 144 aja akadasiyidwa, unyinji wao ukadakhala ndi moyo caka cimeneco; ndipo m'caka ca 2017 boma linabweza opulumuka ambiri ku zipatala. Tibvomerezanso kuti alipo odwala ena, monga ofufuza a ku London anaona, amene adzafuna cisamaliro ca usana ndi usiku moyo wao wonse, ndipo kuwakana malo otere m'dzina la ufulu ndiko nkhanza.

Koma tisaiwale mbiri ya nyumba zotsekera m'dziko lomwelo. M'masiku a tsankho boma linasunga zikwi za odwala akuda m'nyumba za kampani ya Smith, Mitchell, zina za izo zogonamo anchito a m'migodi kale. Bungwe la zaumoyo la maiko onse linadzudzula makhalidwe ace m'caka ca 1977, ndipo madotolo a ku America amene anaziyendera m'caka ca 1978 analemba za imfa zimene zikadapewedwa. Anthu anafera m'zipupa zazikuru asanafere m'tizipupa tating'ono. Cimene cipha wodwala wosatha kudzinenera ndico kukhala kumene palibe womyang'ana ndi womwerenga, kukula kwa nyumba kungakhale kotani. Ndiponso tikumbuke atatu mwa anai aja osalandira cithandizo ciri conse: iwo sadzafikiridwa ndi cipatala cakutali, ngakhale cimangidwe ca mabedi zikwi. Potero ciphunzitso ciimabe. Cimene cinagwa ndico kucitenga mwa theka.

Zimene zinatsatira

Pa 19 March 2018 Moseneke analamula boma kulipira banja liri lonse lodandaula marandi 1,200,000, napeza kuti zifukwa zimene akuru anapereka zothetsera panganolo sizinali zoona. M'caka ca 2023 dzikolo linalandira ndondomeko yatsopano ya zaka za 2023 kufikira 2030. Pa 10 July 2024 woweruza Mmonoa Teffo, pa bwalo lalikuru la ku Pretoria, atafufuza za imfazo, anapeza kuti kusasamala kwa Qedani Mahlangu ndi kwa Makgabo Manamela, amene anali mkuru wa nthambi ya odwala maganizo, kunadzetsa imfa za anthu 9 mwa akufawo. Zonsezi ziri ndi phindu lace. Koma owerenga aone kuti kufufuza kwakukuru kumene cigawoco cinalandira kunadza imfa zitacitika. Mkuru womva madandaulo, bwalo la Moseneke, ndi woweruza wa ku Pretoria anawerenga odwala mmodzi mmodzi, dzina ndi dzina, nchito yomwe ija imene gulu la Leff linacita odwala akali ndi moyo. Mtengo wa kuwerenga amoyo ukadakhala wocepa koposa.

Ife aphunzitsi, akuru a midzi, anamwino ndi makolo sitikhala m'zipinda zimene ndondomeko zilembedwa, koma tikhala pa misonkhano imene akuru a boma afika nati, "Ofufuza apeza kuti njira iyi ndiyo yabwino." Mau otere sayenera kutitseka pakamwa, ndiponso sayenera kutikwiyitsa, ayenera kutifunsitsa monga tifunsa mwana woturutsa yankho. Anapeza kuti, ndi pa anthu otani? Anthuwo anali ndi ciani cimene ife tiribe? Ndalama zimene zinasunga wodwala dzulo zipita kuti mawa? Adzalemba ndani dzina la munthu ali yense wosamutsidwa, ndi kudzatiuza pakutha miyezi itatu ngati ali moyo, ngati alikudya, ngati alandira mankhwala ace? Ndipo zikayamba kuipa, ali ndi mphamvu yoimitsa nchitoyo ndani? Wolamulira amene wawerengadi umboni adzakondwera nao mafunso awa, pakuti mayankho ace ali m'mabuku omwewo amene iye awachula. Amene akwiya nao, kapena ati palibe nthawi, wationetsa yekha kuti anaona yankho pa sileti la mnzace. Ndipo kwa wotere sitiyenera kupereka mbale wathu wodwala, kufikira ataonetsa njira yace yonse.